Chithunzi cha nyenyezi chikangoti bii: zoyenera kuona mu Stellarium ndi DS9

Mdima pa sikirini sutanthauza kuti pulogalamu yafa. Kawirikawiri imakhala ili bwinobwino, vuto lili pa mmene kompyuta ikujambulira kapena mmene kuwala kukuonetsedwera. Musathamangire kufufuta n'kuikanso.

Stellarium, pulogalamu yoonetsa thambo ndi nyenyezi pa kompyuta, imajambula thambo kudzera mu OpenGL, njira imene mapulogalamu amajambulira zithunzi pa sikirini. Ikamatseguka n'kudzitsekanso yokha, kapena zilembo zikamaoneka zophwanyikaphwanyika, yambani ndi driver wa graphics, kapulogalamu koyendetsa chipangizo chojambula zithunzi pa sikirini. Amene amabwera ndi Windows nthawi zina sakwanira, choncho tengani wochokera kwa opanga eni ake, kaya ndi Intel, AMD kapena NVIDIA. Zikakanikabe, itsegulireni mu MESA mode, momwe ntchito yojambula imagwiridwa ndi purosesa. Imayenda mwaulesi, koma imayenda. Chimene chalakwika chimalembedwa mu fayilo ya log.txt, yomwe pa Windows ili mu %APPDATA%\Stellarium ndipo pa Linux ili mu ~/.stellarium. Fufuzani mzere wotchula OpenGL. M'foda yomweyo mulinso config.ini, fayilo yosunga makonzedwe a pulogalamu: isintheni dzina, pulogalamu idzapanga yatsopano ndipo zonse zimene munasokoneza zidzabwerera mwakale. Mukaona thambo lili lobiriwira popanda nyenyezi ngakhale imodzi, ndiye kuti ndi masana basi. Dinani A kuti mpweya wa m'mlengalenga uchoke.

Kumene ambiri amataya mtima ndi pa mafayilo a FITS, mtundu wa mafayilo osungira zithunzi za zakuthambo. Mwajambula usiku wonse, mwatsegula mu SAOImage DS9, pulogalamu yoonera mafayilo amenewa, mwangopeza mdima ndi timadontho tiwiri titatu toyera. Chithunzicho chilimo. Fayilo ya 16-bit imasunga milingo ya kuwala 65,536, pamene sikirini wamba imaonetsa 256 yokha. Nyenyezi imodzi yowala ikafika pamwamba penipeni, mlalang'amba umene mukufunawo umapanikizika pansi, pafupi ndi ziro, ndipo diso siliuona.

Mankhwala ake ali pa menyu ya Scale mu DS9. Sankhani zscale, kapena 99.5%, kuti malire a kuwala asatengere kadontho kamodzi kowala kwambiri. Kenako chokani pa linear muyese log kapena asinh. Ife timakonda asinh chifukwa imatulutsa mbali zozirala osapsereza pakatikati pa nyenyezi yowala. Gwirani batani lakumanja la mausi n'kukoka pachithunzipo, muona mitambo ya mpweya ikutuluka pang'onopang'ono mumdimamo. Zimenezi sizikhudza manambala a m'fayilo, zimangosintha kaonekedwe, ndiye yesani mopanda mantha. Mu Siril, pulogalamu ina yokonzera zithunzi za zakuthambo, ntchito yomweyi imagwiridwa ndi AutoStretch.

Ngati palibe chikutuluka ngakhale mutatero, werengani header, mawu a kumayambiriro kwa fayilo ofotokoza zimene zili m'katimo. Mukapeza NAXIS = 0, ndiye kuti chigawo choyamba cha fayilo chilibe chithunzi, chili m'chigawo chotsatira. Mafayilo ambiri a telesikopu ya Hubble ndi otero: chithunzi chimakhala m'chigawo chotchedwa SCI, ndipo mumachitsegula polemba dzina la fayilo motsatana ndi [SCI] kapena [1]. Fayilo yothera ndi .fz ndi yopanikizidwa; pulogalamu yanu ikaikana, imasuleni ndi kapulogalamu kotchedwa funpack. Onaninso kukula kwake. Fayilo ya FITS imamangidwa ndi zigawo za mabaiti 2,880, choncho kukula kwake kukapanda kugawika ndi nambala imeneyi, mwina dawunilodi inadukira panjira.

Kamera ya mitundu imapereka chithunzi chotuwa chokhala ndi timabokosi ngati sefa mukachikulitsa. Sichinaonongeke, chikudikira debayer, ntchito yosandutsa timabokosito kukhala mitundu. Onani mzere wa BAYERPAT mu header, umene umanena dongosolo la mitundu ya timabokosito, monga RGGB, ndipo muuze pulogalamu dongosolo lomwelo. Mukaphonya, thambo lonse limasanduka lobiriwira ngati msipu kapena lofiirira. Chithunzi chooneka chozondoka nacho sivuto la kamera. Mapulogalamu a FITS monga DS9 amayamba kuwerenga kuchokera pansi kumanzere, pamene mapulogalamu wamba a zithunzi amayambira pamwamba. Mu DS9 pitani pa Zoom, sankhani Invert Y.