Kulondola mbiri ya mlimi wa ku Wales wodziwa zitsamba ndi kufalitsa mabuku a Mulungu

Ngati mukufuna kulondola mbiri ya mlimi wakale wa ku Wales, dziko la ku Britain, musayambe ndi dzina lake, mudzasokera. Ku Wales a John Jones ndi a David Davies anali paliponse, chifukwa kwa nthawi yaitali mwana ankatenga dzina la bambo ake kukhala dzina lake lachiwiri. Anansi ankawasiyanitsa potchula famu imene ankakhala. Ndiye pezani kaye dzina la famu ndi parishi yake. Nthawi zina Dictionary of Welsh Biography, nkhokwe ya mbiri za anthu odziwika a ku Wales imene ili pa intaneti mwaulere, imakupatsani ziwirizi.

Mukatero, pitani pa tsamba la National Library of Wales, laibulale ya ku Aberystwyth. Kuli mapu amene anajambulidwa lamulo la chakhumi la 1836 litakhazikitsidwa, ndipo amasonyeza mwini malo, wolimapo, ngakhalenso mayina a minda nthawi zambiri. Apa mudzadziwa ngati malo anali ake kapena ankachita lendi.

Ine chimene ndimachikonda kwambiri ndi mawilo, makalata onena mmene chuma cha munthu chidzagawidwire akamwalira. Pafupifupi onse amene anadutsa m'makhoti a tchalitchi ku Wales chisanafike chaka cha 1858 mungawawerenge kumeneko osalipira. Ambiri, makamaka akale, ali ndi mndandanda wa katundu wa malemu: ng'ombe zingati, nkhosa zingati, miphika, bedi, ndi mtengo wa chilichonse. Werengani pang'onopang'ono mpaka mzere womaliza, chifukwa mabuku amakonda kulembedwa kumapeto, pa mtengo wochepa womvetsa chisoni. Mlimi amene anasiya mabuku ochuluka chonsecho ng'ombe zili zowerengeka, ndalama zake mwadziwa kumene zinkapita, ndipo ine munthu wotere ndimamulemekeza.

Za kufalitsa mabuku, samalani. Wofalitsa sanali wosindikiza nthawi zonse. Makina oyamba osindikizira ku Wales anaikidwa ndi Isaac Carter ku Trefhedyn mu 1718. Kale mabuku a Chiwelishi ankasindikizidwa ku London ndi ku Shrewsbury, kenako Carmarthen inakula pa ntchitoyi. Mlimi ankapereka zolemba ndi ndalama, wina n'kusindikiza. Pa tsamba loyamba la buku, mawu a Chiwelishi akuti "gan" amatsogolera dzina la wosindikiza, "dros" la amene analipira. Ngati bukulo lili ndi mayina a anthu amene analembetsa kuti adzagula, alembeni onse, poti amenewo ndiwo anzake a mu mpingo.

Zitsamba ndiye zimavuta. Sing'anga wa kumudzi sankasunga kaundula wa odwala, ndipo nzeru zake zinkayenda pakamwa. Musafulumire kumulumikiza ndi asing'anga akale otchuka a m'mudzi wa Myddfai chifukwa chakuti naye ankathyola masamba. Ambiri amachita zimenezi popanda umboni, ndipo n'kumulakwira munthu amene anali ndi luso lakelake. Fufuzani m'malo mwake nkhani za imfa yake. Tsamba la pa intaneti la Welsh Newspapers Online lili ndi nyuzipepala za 1804 mpaka 1919, ndipo magazini a mipingo monga Y Drysorfa ya Amethodisti ndi Seren Gomer ya Abaptisti ankalemba za moyo wa akhristu awo akamwalira. Pofufuza pa tsambalo, lembani dzina la famu pamodzi ndi "llysiau", ndiye kuti zitsamba, kapena "meddyg", sing'anga. Yesani kalembedwe kangapo ka dzina la famulo, chifukwa alembi a Chingerezi ankalilemba mmene alimvera.