Jekeseni wa nyamakazi yotupitsa mfundo: kasungidwe, kabayidwe ndi nthawi yosayenera kubaya

Adalimumab ndi etanercept ndi mankhwala obaya amene dokotala amalemba pamene nyamakazi yotupitsa mfundo yakana kugonja ndi mapiritsi monga methotrexate. Pa nyamakazi yamtunduwu, chitetezo cha m'thupi chimaukira mwini wake, n'chifukwa chake zala zimatupa ndi kuuma m'mawa. Mankhwalawa amatseka puloteni yotchedwa TNF, imene imakolezera kutupako. Koma TNF yomweyo ndi imene imathandiza thupi kumanga tizilombo ta chifuwa chachikulu kuti tisafalikire. Kubayako munthu amaphunzira tsiku limodzi. Zofunika maso kuno ku Tete ndi TB ndi dzuwa.

Musalole kuyamba jekeseni musanayezedwe TB, ngakhale simukutsokomola. Anthu ambiri ali ndi TB yogona m'thupi, yopanda chizindikiro chilichonse, ndipo mankhwalawa amatha kuidzutsa, kawirikawiri m'miyezi yoyambirira. Ikadzuka motere nthawi zambiri sikhala ya m'mapapo mokha: imatha kugwira msana, m'mimba, ngakhale ubongo. Pamafunika kujambula pachifuwa, kuyeza pakhungu kapena magazi, ndiponso makhololo ngati muli ndi chifuwa. Muuzeni dokotala ngati munagwirapo ntchito m'migodi ya malasha ku Moatize kapena m'migodi ya ku South Africa, ngati munadwalapo TB, kapena wina m'nyumba akumwa mankhwala ake. TB yogona ikapezeka, mumayamba mankhwala oiteteza monga isoniazid, ndipo jekeseni amadikira pafupifupi mwezi umodzi kapena kupitirira. Ayezenso HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, chifukwa nawonso hepatitis B amatha kudzuka n'kuwononga chiwindi.

Mankhwalawa amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Akatentha amatha mphamvu, akauma ngati ayezi amathanso mphamvu, ndipo choopsa n'chakuti nthawi zambiri maonekedwe ake sasintha. Munthu amabaya miyezi iwiri, mfundo zikutupabe, n'kumati mankhwala sakumuyanja, pomwe mankhwalawo anathera mphamvu m'njira. Mumzinda wa Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndipo m'chapa (minibasi) chodzaza anthu n'kotentha koposa apo. Pochokera ku Hospital Provincial de Tete kupita ku Ulónguè, Zóbuè kapena Furancungo, nyamulani m'kabokosi kozizira kamene ambiri amati coleman. Kulungani mabotolo a ayezi ndi nsalu kuti asakhudze katoni ya mankhwala, ndipo kabokosiko kakhale pamiyendo panu, osati padenga la galimoto kapena pafupi ndi injini.

Kunyumba, ikani pashelefu yapakati m'geleira (firiji), ali m'katoni yake kuti kuwala kusawafike. Pachitseko sipazizira mokwanira, ndipo khoma lakumbuyo limaumitsa. Magetsi akathima musamatsegule pafupipafupi, komanso onetsetsani kuti mayunitsi a magetsi a Credelec asathe usiku. Pepala la m'katoni limanena masiku amene mankhwala angakhale kunja: Humira (dzina lina la adalimumab), mwachitsanzo, amapirira masiku 14 ngati kutentha sikupitirira madigiri 25. Malire amenewa angathandize munthu wa kumapiri a Angónia kapena Tsangano nthawi yozizira, koma m'chigwa cha Zambezi m'nyumba mumatentha kuposa pamenepo pafupifupi chaka chonse. Ngati mulibe geleira yodalirika, pemphani kuchipatala chapafupi kuti azikusungirani.

Kwa akuluakulu, mlingo wodziwika wa adalimumab ndi mamiligiramu 40 pa milungu iwiri iliyonse, ndipo wa etanercept ndi mamiligiramu 50 kamodzi pa mlungu. Lembani tsikulo pakalendala. Tulutsani mankhwala mphindi 15 mpaka 30 musanabaye, chifukwa ozizira amaluma. Musawaike padzuwa kapena m'madzi otentha, ndipo musawakhutchumule. Onani tsiku lothera ntchito. Akakhala ndi timibulu kapena asintha mtundu, musabaye.

Sambani m'manja ndi sopo. Malo abwino ndi kutsogolo kwa ntchafu kapena pamimba, masentimita 5 kutali ndi mchombo. Pukutani ndi thonje la sipiriti, mudikire paume. Ngati chobayira chanu ndi chooneka ngati cholembera, chiimikeni chilili pakhungu, dinani, ndipo musachotse mpaka kazenera kake kasonyeze kuti mankhwala atha, pafupifupi masekondi 10. Ambiri amalakwitsa apa: akamva kulira koyamba amadzidzimuka n'kuchotsa, theka la mankhwala n'kutayikira pantchafu. Ngati ndi sirinji, tsinani khungu, lowetsani singano mopendeka, kankhani pang'onopang'ono. Musatikite pobayapo. Ulendo wotsatira sunthani masentimita osachepera 3, ndipo pewani pachipsera, pachilonda ndi pofiira. Singano zogwiritsa ntchito ikani m'botolo lolimba lotsekeka, mukapereke kuchipatala.

Kufiira ndi kuyabwa pang'ono pobayapo kumatha pakapita masiku ochepa. Kutupa milomo kapena nkhope ndi kubanika ndi nkhani ina: thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.

Thupi likatentha kufika madigiri 38, musabaye, ngakhale tsiku lakwana. Pitani mukayezetse malungo tsiku lomwelo, ndipo muwauze kuti muli pa mankhwala ofooketsa chitetezo. Malungo akapanda kupezeka musabwerere kunyumba ndi paracetamol yekha, pakuti mankhwalawa amabisa zizindikiro, ndipo chibayo kapena matenda a m'chikhodzodzo amakula mwakachetechete. Chifuwa cha milungu iwiri, thukuta la usiku, kuonda, chilonda chosapola ndi mashingozi, zonsezi n'zoimitsira jekeseni mpaka dokotala akuoneni. Gonani m'neti, wiritsani mkaka wa ng'ombe musanamwe, ndipo musatemere mphini pamfundo zotupa. Tikunena izi molimba chifukwa mafinya akalowa m'bondo amaliwononga m'masiku ochepa.

Ambiri amabaya jekeseniyu akumwanso methotrexate. Ameneyu ndi wa kamodzi pa mlungu, osati tsiku ndi tsiku, ndipo sagwirizana ndi cotrimoxazole, amene ambiri amati Bactrim. Awiriwa akakumana, magazi amachepa moopsa m'thupi, choncho aliyense wokulemberani mankhwala adziwe zimene mukumwa. Methotrexate amavulazanso mwana wosabadwa. Kambiranani ndi dokotala musanatenge pathupi.

Katemera wa tizilombo tamoyo, monga wa chikuku, saloledwa mukakhala pa jekeseniyu. Mayi amene anabaya ali ndi pakati auze anamwino asanabereke, chifukwa mankhwala amadutsa kupita kwa mwana, ndipo katemera wa BCG woteteza ku TB amene amaperekedwa mwana akangobadwa amayenera kudikira miyezi ingapo.

Mukaiwala tsiku la adalimumab, bayani mukangokumbukira, kenako mubwerere pa tsiku la kalendala, koma musabaye awiri nthawi imodzi. Kusintha kumaoneka pakati pa milungu 2 ndi 12. Milungu 12 ikatha mfundo zikuumabe m'mawa monga kale, bwererani kwa dokotala ndipo mumufotokozere mmene mankhwala anayendera kuchokera kumene munawatenga mpaka m'geleira yanu.