Mmene ndinathetsera vuto la mabanzi a sinamoni ouma msanga

Kuno ku Harare mabanzi anga a sinamoni ankauma pofika tsiku lachiwiri, makamaka m'nyengo yozizira ya mwezi wa June. Ndinawonjezera majarini, koma sizinathandize. Nditayamba kusakaniza mbatatesi yonyenya mu ufa, mtanda unkamata m'manja ndipo sunkafufuma bwino.

Ndinazindikira kuti ndinkathira mbatatesi ikadali yotentha komanso yodzaza madzi. Tsopano ndimaphika mbatatesi ya ku Nyanga yomwe ndimagula pa Mbare Musika, n'kukhetsa madzi onse, kenako ndimaibwezera mumphika pa moto wochepa kwa mphindi 2 kuti nthunzi ituluke. Ndikainyenya ndi foloko, ndimadikira kuti izizire ndithu, chifukwa kutentha kopitirira madigiri 60 kumapha yisiti. Apa ndi pamene ndinkalakwitsa kwambiri. Ndimayeza pasikelo magalamu 200 a mbatatesi pa magalamu 500 a ufa wa tirigu, ndipo mkaka ndimathira pang'onopang'ono pokanda.

Mtanda ukafufuma, ndimaufutukula, kupaka majarini, shuga ndi sinamoni, kuupinda, kuudula, n'kuusiya ufufumenso. Ndimawotcha mu uvuni pa madigiri 180 kwa mphindi 25. Mbatatesi imasunga chinyezi, choncho mabanziwo amakhalabe ofewa mpaka tsiku lachitatu.