Wagwa pa kabaza n'kumenyetsa mutu, mumuone chonchi

Njinga zamoto zachuluka, helemeti ambiri savala, ndiye kumenyetsa mutu pa tala kukungochitika tsiku ndi tsiku. Chimene chimapusitsa anthu ndi ichi, munthu amagwa, kukomoka pang'ono kenako kudzuka n'kumasasa fumbi akuti ndili bhobho, anthu n'kubalalika. Pomwe mkati mwa chigaza magazi akhoza kumatuluka pang'onopang'ono n'kumapanikiza ubongo, pakatha maola angapo munthu uja wayamba kuodzera basi osadzukanso.

Akadali pansi musamunyamule ngati thumba la chimanga, mwina khosi lathyoka. Wina agwire mutu kuti usamagwedezeke, ndipo zomumwetsa madzi kapena Fanta kuti atsitsimuke zija ayi, angatsamwe.

Muitaneni dzina. Akutsegula maso yekha, kapena mpaka mukuwe, kapena mpaka mumutsine? Mufunseni dzina lake, komwe ali, lero ndi lachingati. Akamangobwereza funso lomwelomwelo loti chachitika ndi chani inu mwamuyankha kale kanayi, mutu sunakhazikike umenewo. Kenako afinye zala zanu ndi manja onse awiri, agwedeze zala zakuphazi, mumve ngati mbali ina ili yofooka kapena yadzanzi. Achipatala amayeza zomwezi, kungoti iwo amapereka mamalikisi pa Glasgow Coma Scale, njira imene inayambira mumzinda wa Glasgow ku Scotland mu 1974. Maso amafika 4, kuyankhula 5, kusuntha thupi 6, zonse pamodzi 15. Yotsikitsitsa ndi 3, ndipo mukamva adokotala akunena 8 kapena kutsika apo dziwani kuti zavuta kwambiri.

Yatsani tochi ya pafoni mumuunike m'maso limodzi limodzi. Kadontho kakuda kapakati pa diso kaja kamayenera kuchepa kuwala kukafika, konsekonse mofanana. Kwina kakakula n'kungokhala osasintha, musadikire kuti kuche.

Zina zothamangira nazo kuchipatala ndi kusanza mobwerezabwereza, mutu kumangowawirawawira, kukomoka n'kumaphupha ngati wakhunyu, kuyankhula ngati lilime lalemera, magazi kapena timadzi toyera kutuluka m'khutu kapena m'mphuno, kuda kozungulira maso onse kapena kuseri kwa khutu. Ndipo wokomoka aliyense, ngakhale kwa mphindi imodzi, akaonedwe. Za fungo la mowa zisakunamizeni abale, woledzera ndi amene amanyalanyazidwa kwambiri, anthu amangoti msiyeni agone ukatha adzuka, chonsecho ndi bala la mkati.

Akabwerera kunyumba asakhale yekha maola 24 oyamba. Kugona agone ndithu koma muzimudzutsa pakapita maola awiri kapena atatu, ayankhe zomveka, akuzindikireni. Mutu ukamawawa panado ali bwino, asipirini ndi bufeni musamupatse chifukwa zimachititsa kuti magazi asaundane msanga. Mowa ayi, kukwera njinga ayi.

Sikani ya CT, yojambula mkati mwa mutu, imapezeka ku zipatala zikuluzikulu ngati Queens ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, koma inu yambirani chipatala chapafupi, iwowo ndi amene amatumiza. Popita pakhale munthu amene anaona ngoziyo, akanene nthawi imene anagwa, anakomoka nthawi yayitali bwanji, wasanza kangati, komanso ngati amamwa mankhwala ena aliwonse.