Mmene ndimaodera chakudya cha Chitchaina

Ndikamaoda, ndimayamba ndafunsa kaphikidwe kake. Ma dumpling (timibulu ta ufa wa tirigu tokhala ndi nyama kapena masamba mkati) ophikidwa ndi nthunzi ndi abwino kuposa ma spring roll (masamba kapena nyama yokulungidwa m'kachikuta kopyapyala ka ufa), omwe amamizidwa m'mafuta. Mpunga tengani wowiritsa, wokazinga usiyeni.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mchere. Supuni imodzi yaikulu ya soy sauce (sosi wakuda wopangidwa ndi soya) imakhala ndi sodiyamu, yemwe amapezeka mumchere, pafupifupi mamiligalamu 900, pomwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kuti asafike 2,000 patsiku. Choncho auzeni akuikireni sosi pambali, muzithira nokha pang'onopang'ono.

Nkhuku ya sweet and sour ndinaisiya, shuga amachuluka. Masiku ano ndimasankha tofu (chakudya chopangidwa ndi mkaka wa soya) kapena nsomba yokhala ndi broccoli wambiri, ndipo ndisanayambe kudya ndimapatula theka n'kuika mufiriji kuti ndidye mawa.