Kapangidwe ka chilombo chouluka cha ku gehena

Mwafunsa kuti mungapange bwanji chilombo chouluka cha ku gehena m'masewera aja ofotokozerana nthano patebulo uku mukuponya madayisi. Ife kuno ku Mangochi tidachita chonchi.

Yambani ndi thupi. Tidatenga mapiko a mleme, zikhadabo za nkhwazi ndi khungu lonunkha utsi wa makala. Chikhalenso ndi chizindikiro chakuti chili pafupi. Chathu chimabisala m'nkhungu, tizilombo tija timafuka panyanja ngati utsi. Wofotokoza nthanoyo, amene amatsogolera masewerawo, akangoti "nkhungu zafuka", m'nyumba monse mumangoti zii, wina mpaka kusiya kutafuna chimanga.

Kenako manambala. Chipatseni moyo 45 (mapointsi amene amachepa chikamenyedwa), ndipo wochimenya aponye dayisi ya mbali 20 n'kupeza 15 kapena kuposa. Chikakwapula munthu, ponyani madayisi awiri a mbali 6 kuti mudziwe moyo umene chamuchotsera. Mukaonjeza apa mutha anthu onse usiku umodzi.

Chimene ambiri amaiwala ndi pofookera pake, ndiye chimangozungulira m'mwamba osewera akuchiyang'ana pakamwa yasa. Chathu chimakopeka ndi nyali za asodzi a usipa. Chikatsika chimakodwa m'chilimira, ukonde wa asodziwo, ndipo chimakhala maulendo awiri a masewerawo osauluka. Apo m'pamene a mikondo amachigwera.

Chiyeseni kaye ndi anzanu awiri musanachitulutse pagulu.