Khirisimasi ya pakhomo ana ndi zidzukulu zonse zikabwera: mmene mungaiyendetsere

Ngati kwanu ndi kumene mtundu wonse umasonkhana pa Khirisimasi, ana a ku Lilongwe, wa ku Joni uja, alamu, apongozi ndi zidzukulu zoti poitana mmodzi mumayamba mwatchula maina atatu olakwika, nde yambani kukonzekera Novembala asanathe. Pa 20 Disembala kumakhala kwachedwa kale, nkhuku yakwera, minibasi yakwera, olo anyezi amene mavenda amakhala akumuwerenga mmodzimmodzi.

Choyamba dziwani kuti akubwera ndani. Za "tiona mmene zikhalire" musazilole. Tsegulani gulupu ya WhatsApp, ngati mafoni amakono amakuvutani mdzukulu wamkulu akuthandizeni, aliyense alembe kuti abwera anthu angati, afika liti komanso abwerera liti. Tsiku lobwereralo ndi lofunika kwambiri chifukwa ufa umene umatha si wa pa 25 ayi, ndi wa masiku otsatirawo, anthu akadali pompo mpaka Nyuwere kumadya katatu pa tsiku ngati palibe chikuchitika.

Tsopano nkhani ya ndalama, pano ndiyankhula mosabisa. Eni nyumba, makamaka akakhala agogo, sakuyenera kusenza phwando lonse okha. Apereka kale malo, nkhuni, ufa ndi tulo tawo, zinazo ana agawane. Ndipo bola kugawana zinthu kusiyana ndi kungoti aliyense asonkhe, chifukwa ndalama imakhala ndi nkhani zambiri, mawa netiweki ikuvuta, mkuja malipiro sanalowe. Nenani kuti achimwene mpunga, achemwali mafuta ophikira ndi shuga, alamu makala ndi zakumwa, wakuti mbuzi. Munthu akalonjeza mpunga pagulupu aliyense akuona, amachita manyazi kubwera chimanjamanja. Amene sabwera koma akufuna kuthandiza atumize pa Airtel Money, Mpamba kapena Mukuru sabata yoyamba ya Disembala isanathe, ndalamazo asunge munthu mmodzi ndipo azilemba pagulupu chilichonse chimene wagula. Zikaoneka poyera miseche imachepa. Ndipo pali mwana mmodzi m'banja lililonse amene chaka sichinamuyendere, ameneyo musamuyalutse pagulupu, mpatseni ntchito ya manja monga kuwaza nkhuni kapena kupha mbuzi, nayenso wasonkha.

Inu a banki m'khonde amene mumagawana masheya mu Disembala, musanagule ngakhale botolo limodzi la Sobo patulani kaye ya feteleza wobereketsa ndi ya fizi ya teremu yachiwiri, muziike poti dzanja silifika msanga. Sukulu zimatsegulira kumayambiriro kwa Januwale, chimanga m'munda chimakhala chikudikira urea, chimanga cha pamsika nacho mtengo uli m'mwamba. Yotsalayo ndi imene ili ya phwando.

Zogula zosaonongeka monga mpunga, mafuta, shuga, mchere, sopo, machesi ndi makandulo gulani msanga n'kutsekera. Mpunga werengani kilo imodzi pa anthu 7 kapena 8 mukaphatikiza ana ndi akulu, nde anthu 30 ndi makilo 4 kapena 5 pa chakudya chimodzi, koma gulani owirikiza chifukwa madzulo ana adzaufunanso ndipo pa 26 m'mawa kudzafunika phala. Ngati thumba likulola gulani Kilombero, fungo lake lokha limauza anthu oyandikana nawo kuti pano pali Khirisimasi. Muupete ndi kusankha timiyala pa 24, osati m'mawa wa tsikulo. Nsima musaisiye, pali agogo aamuna ndi amalume ena oti olo adye mbale ziwiri za mpunga amafunsabe kuti kodi lero tidya nthawi yanji. Nde pitani kuchigayo masiku angapo tsikulo lisanafike, poti nyengo ya mvula ufa suuma msanga komanso magetsi akathima kuchigayo mzere wake simungaupirire.

Nkhuku za lokolo zimakoma koma zimafuna moto wautali, za mabuloila zimapsa msanga ndipo zili ndi mnofu, ine ndimati phatikizani: za lokolo za msuzi, mabuloila okazinga a ana. Mukagula zamoyo msanga zisungeni padera, osaziphatikiza ndi zanu za pakhomo tsiku lomwelo, chitopa chimabwera ndi nkhuku za kumsika chonchi. Nkhuku imodzi imatuluka nthuli 10 mpaka 12 wodulayo akakhala wanzeru, nde werengani nthuli osati nkhuku. Nthutumba mukudziwa kale kuti ndi ya ndani, isasowe m'poto kuopa milandu. Anthu akapitirira 25 mbuzi ndi imene imapulumutsa. Iphedwe m'mamawa pa 25 kapena madzulo a pa 24 ngati muli ndi filiji yodalirika, zam'kati ziphikidwe nthawi yomweyo poti ndi zimene zimayamba kuonongeka, yotsala muiwambe pamoto. Ngati m'banjamo kapena pafupi muli Asilamu, itanani Msilamu adzazinge mbuziyo ndi nkhuku zomwe kuti aliyense adye momasuka. Nkhumba ngati mwaifuna ikhale ndi poto wakewake, a Seventh Day ndi Asilamu saidya.

Thobwa yambani pa 23. Phikani phala la mgaiwa, lizizireko mpaka likhale lofunda, thirani chimera n'kutakasa, vundikirani ligone, m'mawa mwake muwiritsenso bwinobwino, likazizira shuga. Limathandiza kwambiri chifukwa Fanta olo mugule makireti angati sakwana, pomwe ndowa ya thobwa imamwetsa aliyense wodutsa. Kungoti likakhala masiku ambiri ndi kutentha kwa Disembala limasasa, lisafike poti ana ayambe kuyenda mopepesuka. Fanta bisani, mutulutse nthawi yakudya, botolo limodzi mwana mmodzi, mukawatulutsa m'mawa pofika 10 koloko mwatsala mabotolo okha.

Moto ndi umene anthu ambiri amaiwala. Disembala ndi nthawi ya mvula, nkhuni zonyowa zimangofuka utsi mpunga n'kumanunkha, choncho lowetsani nkhuni m'khitchini kapena pakhonde sabata yathunthu tsikulo lisanafike, makala thumba limodzi lapadera, mbaula ziwiri kapena zitatu bwerekani. Olo muli ndi kuka ya magetsi musaidalire. Masefuliya akuluakulu bwerekani kwa amayi a kumpingo kapena amene amaphika m'maukwati, koma kapempheni msanga poti si inu nokha mukuwafuna. Pophikira pakhale pofolera, lona kapena pepala la pulasitiki lolimba, mvula ya masana sichenjeza.

Pogona musavutike mtima, anthu abwera kudzacheza. Amayi ndi atsikana chipinda chimodzi, anyamata pabalaza, mphasa ndi mikeka pansi, okalamba ndi amayi oyembekezera kapena a makanda ndi amene apatsidwe bedi. Auzeni obwera atenge zofunda zawo. Mkamwini ndi apongozi musawagoneke moyang'anizana makomo, pemphani chipinda kwa achibale apafupi. Koma za maneti musanyengerere: Disembala udzudzu ndi wambiri, ndipo zidzukulu zochokera kunja kapena zimene zakulira kumalo kopanda malungo ambiri zimadwala moopsa zikalumidwa. Mwana aliyense agone m'neti, obwera abweretse awo. Mwana akatentha thupi musati ndi kutopa ndi ulendo, pitani naye kuchipatala akamuyeze. Madzi akumwa muthire klorini kapena muwiritse, pakhomo pa chimbudzi ndi podyera pakhale ndowa ya mpopi ndi sopo, anthu asambe m'manja mothirirana osati m'beseni limodzi anthu 30. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sitinaiwale. Sungani mapaketi angapo a Thanzi ORS ndi Panado wa ana.

Ntchito igawidwe pa 24 madzulo, ndi maina. Mukangoti tithandizana, mudzapeza mtengwa mmodzi yemweyo wagwira chikuni kuyambira 4 koloko m'mawa mpaka usiku pomwe ana aakazi a pakhomo akujambulitsa zithunzi pansi pa mtengo wa mango, ndipo chaka chamawa mtengwayo adzapeza chifukwa chosabwerera. Awiri pa mpunga, awiri pa ndiwo, anyamata madzi ndi mbale, abambo mbuzi ndi kanyenya. Agogo aakazi ntchito yawo ndi kulawa mchere basi, olo akakamire bwanji akhazikeni pampando ndi kakhanda m'manja. Ndiwo zamasamba musazinyoze, nkhwani wotendera kapena bonongwe amene ali mbwee nthawi ino amathandiza nyama kukwanira. Bowa gulani kwa munthu amene mukumudziwa kuti amamudziwa bowa, ana asakazule okha.

Za kutchalitchi kambiranani kale. Akatolika ambiri amapita ku Misa ya usiku wa pa 24, a CCAP, Anglican ndi mipingo ina amapemphera m'mawa wa pa 25, nde zimatheka kugawana, opita usiku atsale pamoto m'mawa. Ngati zidzukulu zili mu sewero la kubadwa kwa Yesu la Sande sukulu, zitenje za abusa a nkhosa ndi anzeru a kum'mawa zikonzedwe dzulo lake. Amene mpingo wawo sukondwerera Khirisimasi musawakoke ndi mafunso, abwera kudzaona agogo, apatseni mbale adye.

Nthawi yakudya ana ayambe. Izi ndimalimbikira kwambiri chifukwa mwambo woti akulu adye kaye ana adikire zipalapasiro ndi msuzi, pa tsiku ili ayi. Akhazikeni pamkeka, aliyense mbale yake, munthu wamkulu mmodzi agawe nyama ndi dzanja lake kuti wamng'ono asalandidwe ndi akuluakulu. Ana akakhuta pakhomo pamakhala bata akulu n'kudya mosatekeseka. Phikani moonjezera chifukwa ana a oyandikana nawo abwera ndithu ndipo sabwezedwa, komanso patulani mbale ziwiri zitatu zoti zidzukulu zikapereke kwa okalamba a pafupi amene alibe owayendera. Zipite chakudya chikadali chotentha, osati zotsala za madzulo.

Mphatso ndi pamene mitima ya ana imasweka mosavuta. Wina wabwera ndi njinga yatsopano ndi tabuleti kuchokera m'tauni, msuweni wake wa pamudzi ali ndi malaya a chaka chatha. Simungafananitse zonse koma zimene zikuperekedwa pakhomo panu zikhale zofanana: mabaluni, maswiti, mabisiketi, makope ndi mapensulo a Januwale, kapena chovala chimodzi mwana aliyense, pa kaunjika mukapita msanga mumapeza zabwino. Werengani mwana aliyense, wamasiye amene mukulera, wopeza amene mlamu wabwera naye, mtsikana wantchito amene wabwera kudzalera khanda. Makolo amene agulira ana awo zodula awapatsire kunyumba kwawo.

Masana mafoni a ana asonkhanitseni m'lichero kwa maola awiri atatu, kulira kudzakhalapo koma sikuchedwa kutha. Tulutsani mpira, chingwe cha jingo, miyala ya phada, bawo la agogo, fulaye atsikana ndi azakhali awo omwe, mudzadabwa amene akuthamanga kwambiri. Mvula ikagwa onse pakhonde, agogo ayambe padangokhala, ana ayankhe tili tonse. Zidzukulu zimene Chichewa chimazivuta musaziseke, zikasekedwa kamodzi sizidzayesanso, zisiyeni ndi asuweni awo ndipo pofika pa 27 zidzakhala zikukangana m'Chichewa. Mdzukulu wamkulu ajambule nthanozo pafoni, ndi zithunzi za banja lonse jambulani anthu asanavule za kutchalitchi. Ofuna kuimbira a kunja pa vidiyo gulani bandulo dzulo lake ndi kutchajiratu foni. Ku South Africa nthawi ndi yofanana ndi yathu, ku UK mu Disembala amakhala kumbuyo ndi maola awiri.

Ikani wachinyamata mmodzi kapena awiri oti ntchito yawo ndi kuwerenga ana, masana, dzuwa likamalowa ndi pogona. Mitsinje imakhala yadzaza, zitsime ndi maenje a njerwa muli madzi, ku trading centre kuli njinga zamoto ndi madalaivala amene ayamba kumwa m'mawa. Ana aang'ono asapite okha kumeneko olo alire bwanji. Mowa wa akulu utuluke anthu atadya, kuseri, ndipo amene wamwa makiyi a galimoto apereke kwa apongozi, kumeneko sakawapempha.

Nkhani za malire a munda, chiliza cha malemu, ngongole ya chaka chatha kapena banja la wakuti limene likugwedezeka zisayambike pa 25, makamaka botolo lili m'manja. Wina akaiyamba, amalume angoti mawa. Pa 26 ndi holide, khalani pansi m'mawa mutamwa tiyi ana akusewera kutali, mukambirane muli bwinobwino.

Anthu asanabalalike, masefuliya obwereka atsukidwe ndi kubwezedwa, mabotolo abwerere kugolosale, ndipo wina alowe mosungira zakudya aone chimene chatsala. Obwerera m'tauni amakonda kunyamula ufa, nkhuku, mango ndi mtedza, zili bwino, koma anyamule atasiya thumba la chimanga kapena ndalama yake, shuga, sopo ndi ya aganyu opalira, poti masiku onsewa kumunda sikunapitidwe ndipo udzu sunapume. Matikiti a basi obwerera alendowo agule tsiku lomwe afika, pa 2 Januwale mipando imakhala yatha.